Jeki ndi Seveni wa Mitima

Amalume anali ndi lamulo limodzi lalikulu, ndipo ankalinena tsiku lolemba munthu ntchito basi, osabwerezanso: wogawa makadi asadzagawire m'bale wake. Sanali malume a wina aliyense m'chipinda chotchovera njugacho. Linali dzina chabe la mwini malo, bambo wofatsa, wa mawu otsika, amene akakwiya ankayamba ndi kukufunsa za umoyo wa amayi ako.

Tsiku limene ankamulemba ntchito mtsikana wotchedwa Zala, anamufunsa kuti, "Kwanu kuli wotchova?"

"Kulibe, Amalume."

Linali bodza, koma panthawiyo linkaoneka laling'ono. Mlongo wake wamwamuna, amene anamuponda pamutu, ankangosewera poka, njuga ya makadi, pafoni ndi anzake onyamula nawo buledi, ndipo Zala sanaganizepo kuti tsiku lina angadzakwere masitepe a malo ngati ano. Kunyumba nako ananama. Amayi ake ankadziwa kuti mwana wawo amalandira alendo kuhotela. Dzina loti Zala anamupatsa ndi osewera, chifukwa makadi ankatuluka m'manja mwake mwaukhondo, osagwa, osatembenuka.

Chimene chimachitika lamulo lija likathyoledwa ankachiona tsiku ndi tsiku pansi pa masitepe. Pamenepo pankakhala wogawa wakale, akugulitsa matchaja ndi zikwama za mafoni pakatebulo. Msuweni wake anapambana kawiri kotsatizana tsiku lina, wina n'kuzindikira kuti mphuno za awiriwa n'zofanana. Palibe anatsimikiza kuti anaba, ndipo palibe anaona kufunika kotsimikiza. Dzanja lamanja la wogawayo linaphwanyidwa, ndipo kuchokera tsikulo silinkafumbatanso, moti chenji ankachita kukankha ndi kuseri kwa dzanja. Zala ankamupatsa moni akuyang'ana nkhope yokha.

Loweruka limenelo masana kunkatentha. Chipindacho chinali pamwamba pa shopu ya matayala, ndiye fungo la labala linkakwera limodzi ndi phokoso la makina opopera. Makatani anali otseka ngakhale dzuwa lili pamutu. Zala asanakhale pampando wake anachita mwambo wa ogawa onse: anatambasula manja pamwamba pa tebulo, n'kuwatembenuza uku ndi uku kuti aliyense aone kuti mulibe khadi kapena batani lobisika. Mabatani ndiwo timapulasitiki tozungulira timene tinkaimira ndalama patebulopo. Wogawa ankaonetsa manja pokhala, n'kuonetsanso ponyamuka.

Masewerowo ndi osavuta kuwafotokoza, kuvuta kwake n'kuwasiya. Aliyense amalandira makadi awiri obisa, n'kubetcha. Kenako wogawa amayala makadi asanu pakati, poyamba atatu, kenako limodzi, kenako lomaliza. Amene awiri ake akugwirizana bwino ndi apakatiwo ndiye amakokolola zonse.

Koma makadi awiri oyambawo ndiwo ankapenga nawo anthu. Aliyense patebulopo anali ndi chipembedzo chake. Wamankhwala, amene anali ndi sitolo yogulitsa mankhwala kuseri kwa msewu, ankauzira kaye mpweya pamakadi ake asanawasuzumire, ndipo ankalumbira kuti makadi awiri a mtundu umodzi ndi theka la chipambano. Mkulu wina wa ndevu ankasintha mpando akaluza katatu, ati tsoka limakhala m'matako a mpando. Wamkulu wa onse, pathupi ndi pathumba pomwe, anali Mwinimabasi. Iyeyo chikhulupiriro chake chinali chachifupi.

"Ma esi awiri sagonja," ankatero, akugogoda tebulo ndi mphete. "Ukaona ma esi agonja kwa zinyalala, dziwa kuti pali dzanja la munthu."

Zala ankamva zonsezi akugawa makadi. Atagawa kwa zaka zingapo anali atadziwa zimene makadi amachita anthu akasiya kuwanamizira. Ma esi awiri, makadi aakulu kuposa onse, amabwera mwa apo ndi apo, kamodzi pa magawo mazana awiri ndi kuposerapo. Akabwera n'kukumana ndi munthu mmodzi wa timakadi ta mtundu umodzi, amapambana kanayi pa kasanu. Kachisanuko amagwa, popanda mfiti, popanda wakuba. Ndipo mtundu umodzi umene Wamankhwala ankaupembedza umangowonjezera kamchere chabe. Koma wogawa alibe pakamwa. Ntchito yake ndi manja.

Chitseko chinatseguka, mlonda wa pakhomo n'kulowetsa munthu wovala yunifolomu yoyera ya kophika buledi, ufa uli m'mapewa.

Zala anakweza maso, manja n'kuima pamakadi. Anali mlongo wake.

Mlongoyo nayenso anaima kakasi. Kenako pakamwa pake panayamba kutseguka, kumwetulira kuja ankamwetulira ali mwana akamupeza Zala akubisa shuga. Zala anamuyang'ana ndi diso limodzi lokha, lakuthwa, n'kupukusa mutu pang'ono kwambiri. Kumwetulirako kunazima. Mlongoyo anatsokomola, n'kupereka moni kwa akuluakulu, n'kukhala pampando umene wandevu uja anali atangouthawa.

"Tapeza wabuledi!" anatero Wamankhwala. "Lero tidya zofewa."

Nthawi yonyamuka inali imeneyo. Zala ankadziwa. Akanayenera kuika makadi pansi, kuonetsa manja, n'kunena kuti, Amalume, uyu ndi mlongo wanga, bweretsani wogawa wina. Koma kutero kunali kuvomera kuti ananama tsiku loyamba lija, ntchito n'kuthera pomwepo, ndipo madzulo ake amayi akanamva kuti hotela ija ilibe mabedi. Anayang'ana timabatani tochepa timene mlongo wake anagula pakhomo. Anaganiza kuti munthu wosewera mwa mtima ngati uyu, pakati pa ankhandwe awa, sachedwa. Aluza tonse, atsika masitepe, ndipo nkhani ikathera kukhitchini kwa amayi ndi mbama imodzi yapakhosi. Motero Zala, amene sanabetchepo chibadwire, anabetcha. Anasakaniza makadi n'kugawa.

Gawo loyamba litadutsa, kunena kunavuta kuposa poyamba. Lachiwiri litadutsa, kunavutiratu. Akanati anene tsopano, funso likanakhala lakuti, nanga unali kuti nthawi yonseyi?

Ndipo mlongoyo sanaluze msanga. Analuza pang'ono, n'kupeza pang'ono, n'kuyamba kuzolowera mpando. Anayamba kucheza. Zala ankamudziwa bwino mwana wa amayi ake: akasangalala, lilime limathamanga kusiya mutu kumbuyo.

"Akuluakulu, ine ndili ndi makadi anga," anatero. "Jeki ndi seveni wa mitima. Tsiku lomwe mkazi wanga ankachira mwana wathu, ine ndili pabenchi kuchipatala, foni m'manja, ndinalandira amenewo. Ndinagwetsa anthu asanu! Namwino akutuluka kudzandiuza kuti ndi wamkazi, ine ndikukuwa kale. Chiyambire pamenepo sanandikhumudwitsepo."

Onse anaseka. Zala anali ataimva nkhaniyi pa chakudya chilichonse cha banja. Ankadziwanso zimene sizinkanenedwa: wailesi imene inachoka pawindo, nsapato za ukwati zimene akuti zinabedwa, mlamu wake akulira mwakachetechete kubafa. Makadi amenewo anali atamukhumudwitsa kambirimbiri, koma munthu amakumbukira tsiku limene anatola ndalama panjira, osati masiku onse amene anayenda chowerama.

"Jeki ndi seveni?" Mwinimabasi anapukuta misozi ya kuseka. "Mphwanga, amenewo ndi makadi okolezera mbaula."

"Mudzaona, bwana."

Nthawi iliyonse imene mlongo wake watsegula pakamwa, Zala ankadikira mwamantha liwu limodzi lokha, loti achemwali. Ankaopanso nkhope. Onse awiri anatenga chibwano cha bambo awo, chokhala ndi kadzenje pakati, ndipo anayamba kugawa atawerama kuti kuwala kwa babu kusamugwere bwino. Amalume anali pakona pamalo pawo pa masiku onse, akusenda lalanje ndi kampeni, maso ali patebulo.

Kenako gawo lija linafika.

Zala anaona mlongo wake akusuzumira makadi ake awiri, makutu ake n'kufiira. Ankatero kuyambira ali mwana, akaona chinthu chimene akuchifuna. Mwinimabasi naye anasuzumira ake, n'kukhala phee, mphete osagogodanso. Zala anali atagawira bamboyu nthawi yaitali moti ankadziwa tanthauzo la bata limenelo.

Mwinimabasi anakankha mulu wa mabatani. Ena onse anataya makadi awo mmodzimmodzi. Mlongoyo anawonjezera. Mwinimabasi anamuyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira nkhuku yolowa yokha m'khitchini, n'kukankha mulu wina waukulu kuposa zonse zimene wabulediyo anali nazo.

"Zakukulira, mphwanga. Taya, upite ukagulitse mabanzi."

Taya, anapemphera Zala chamumtima. Taya, iwe chitsiru cha amayi anga, taya.

Mlongoyo anapisa m'thumba la yunifolomu n'kutulutsa makiyi. Anali a galimoto ya buledi, omangiriridwa kansapato ka mwana wake koyamba. Galimoto imeneyo ndi imene inkadyetsa nyumba yake, ndiponso ndi imene inkatengera amayi kuchipatala miyendo ikatupa. Makiyiwo anawaika pamwamba pa mabatani ake n'kukankha zonse pakati.

"Ili pansipa, yoyera ija. Injini ndi yatsopano."

Onse anatembenukira kukona. Amalume anasuzumira pakatani, n'kuyang'ana kumsewu kanthawi, kenako anagwedeza mutu. Makiyi alandiridwa.

"Tembenuzani," anatero Zala.

Mwinimabasi anagwetsa ake mwaulemu: ma esi awiri, onse akuda. Mlongoyo anamenyetsa ake patebulo: jeki ndi seveni wa mitima. Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete, ndipo Wamankhwala anachita kugwira pamimba.

Zala yekha ndiye sanaseke, chifukwa anaona zonse ziwiri nthawi imodzi. Kanayi pa kasanu, galimoto ipita, ndipo ndi manja ake amene aipereke kwa Mwinimabasi. Akalowa bwanji m'nyumba ya mlamu wake? Koma kachisanu kaja ndiko kanali koopsa kwambiri. Timakadi timeneti tikagwetsa ma esi a munthu amene amakhulupirira kuti ma esi sagonja popanda dzanja la munthu, bamboyo adzafuna dzanjalo. Ndipo m'chipinda monsemo dzanja logwira makadi linali limodzi. Anachita mantha ndi kuluza kwa mlongo wake, n'kuchitanso mantha oposa ndi kupambana kwake, ndipo anadzida pozindikira kuti mwa ziwirizo akupempherera choyamba.

Anataya khadi lapamwamba chafufumimba, monga mwa lamulo, n'kuyala atatu. Kingi wakuda. Naini wa mitima. Thuu wa mitima.

Kuseka kunachepa. Mitima inali inayi tsopano, iwiri m'manja mwa wabuledi, iwiri pakati. Ikakwana isanu, ma esi ndi mapepala chabe.

"Bwera, mwana wanga," mlongoyo ananong'ona, atagwira m'mphepete mwa tebulo. "Bwera kwa adadi."

Zala anataya lina, n'kuyala lachinayi. Folo wakuda. Mwinimabasi anatulutsa mpweya wonse umene anausunga, mphete n'kugogoda kamodzi. Kunatsala khadi limodzi. Mutu wa Zala unawerenga wokha, mosafunsidwa, monga unazolowera: mitima yotsala isanu ndi inayi, pa makadi makumi anayi ndi anayi osaoneka. Kamodzi pa kasanu, pomwe paja. Pansi makina opopera matayala analira n'kusiya. Amalume anali atasiya kusenda lalanje.

Chala chachikulu cha Zala chinanyowa ndi thukuta moti khadi lotaya linakakamira, n'kuchita kulikankha kawiri. Aliyense anaona. M'zaka zonsezo khadi linali lisanakakamirepo m'manja mwa Zala.

Anayala lomaliza. Faifi wa mitima.

Kenako mpando unagwa chagada, mlongoyo ali chilili, manja m'mwamba, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndinanena! Ndinanena ine! Sanandikhumudwitsepo!" Anazungulira tebulo, n'kugwira manja onse awiri a Zala, n'kuwapsompsona. "Achemwali! Achemwali anga, manja anuwa ndi odala! Nditangolowa n'kukuonani ndinadziwa kuti lero ndi langa!"

Zala anayesa kusolola manja ake, koma mlongoyo anali atawagwira zolimba, ngati mmene ankagwirira siketi yake powoloka msewu popita kusukulu.

Wamankhwala anayang'ana chibwano cha wabuledi, n'kuyang'ana cha Zala, kenako anayang'ana pansi.

"Wati ndani?" Mwinimabasi anafunsa motsitsa.

Mlongoyo anacheuka, kumwetulira kudakali pankhope. "Ndimati... ndi mawu chabe, bwana. Mkazi aliyense timamutcha achemwali."

"Mkazi aliyense umamupsompsona manja?"

Amalume anaika lalanje pambale, n'kupukuta kampeni pa thalauza, n'kuyenda pang'onopang'ono kufika patebulo. Anamuyang'ana Zala mwachisoni chenicheni.

"Mwana wanga, amayi ali bwanji masiku ano?"

"Ali bwino, Amalume."

"Miyendo ija inasiya kutupa? Paja unati amadwala miyendo." Anatembenukira kwa wabuledi. "Nanga inu achimwene, amayi anu ali bwanji? Miyendo?"

Mlongoyo anayang'ana Zala. Makutu aja anali atayera tsopano.

"Amalume, ndi mlongo wanga," Zala anatero, mawu akuthamangitsana. "Ndinalakwa osanena. Sindinadziwe kuti abwera, ndikulumbira, ngakhale iyeyo samadziwa kuti ndimagwira kuno. Koma makadi sindinawakhudze. Zimachitika, Amalume, inu mukudziwa. Ma esi akakumana ndi makadi ngati awa amagwa kamodzi pa kasanu. Mwezi wathawu anagwa patebulo lomwe lino, a Wamankhwala analipo, anagwa kwa eyiti ndi sikisi..."

"Ine sindikukumbuka," anatero Wamankhwala, akuyang'ana zikhadabo zake.

"Kamodzi pa kasanu," Mwinimabasi anabwereza, ngati akulawa chinthu chowawa. "Munthu walengeza makadi ake pamaso pa tonse, jeki ndi seveni wa mitima. Posakhalitsa alandira omwewo, ine n'kulandira ma esi oti ndilowe nawo m'khola. Wogawa ndi mlongo wake. Khadi lomaliza likakamira m'manja. Ndiye ukundiuza za kasanu? Ine ndasewera usanabadwe, mtsikana iwe. Ma esi sagonja kwa zinyalala."

Zala anayang'ana makadi asanu aja. Akanakhala iye pampando wa bamboyo, kodi akanakhulupirira? Zoona zake zinali zoonda, zopanda nkhope, pamene bodzali linali lonenepa, lokwanira paliponse.

Apa m'pamene mlongoyo anamvetsa. Anayang'ana mlonda, amene anali atachoka pakhomo n'kuima kumbuyo kwa mpando wa Zala. Mwina anakumbukiranso munthu wa matchaja amene anamudutsa pansi pa masitepe. Anathamangira pamulu wa mabatani uja n'kuyamba kuukankhira kwa Mwinimabasi ndi manja onse awiri, ena akugwera pansi n'kumagubuduzika.

"Tengani, bwana. Tengani zonse. Ndi makiyi omwe, tengani, galimoto ndi yanu. Ine sindikufuna kanthu. Achemwali angawa musawakhudze, chonde, tengani!"

"Usatero!" Zala anakuwa. "Iwe, usabweze!"

Koma zinali zitachitika. Mwinimabasi anayang'ana mulu uja ukubwerera kwa iye, n'kutembenukira kwa Amalume, atatambasula manja.

"Mwaona? Munthu wopambana mwachilungamo amabweza?"

Wandevu uja ananyamuka mwakachetechete, n'kutenga chipewa chake. Wamankhwala anamutsatira, akunena zoti wasiya sitolo yopanda munthu. Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma Zala sanathe ngakhale kumukwiyira mwanayo. Mlongoyo anali atagwada pansi, akutolera mabatani ogwa aja limodzilimodzi n'kumawaika pamaondo a Mwinimabasi, akulira ngati tsiku limene anasochera pamsika.

"Mutulutseni wabulediyu," Amalume anauza mlonda. "Mupatseni makiyi ake, abwana sakufuna galimoto ya buledi. Akatsika mukhome chitseko."

"Achemwali!" Mawuwo anamveka pakhomo, kenako pamasitepe, kenako pansi penipeni, osakanikirana ndi kulira kwa makina a matayala. Loko analira. Mlonda anabwerera n'kudzaima pomwe anaima poyamba.

Amalume anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi Zala. Anasonkhanitsa makadi asanu apakati aja n'kuwaika pambali, kuti patebulo pakhale malo.

"Ntchito yathera pano, mwana wanga," anatero mofatsa. "Ukudziwa mmene wogawa amanyamukira."

Zala anali atabisa manja m'khwapa osadziwa. Anawatulutsa pang'onopang'ono, n'kuwatambasula pansalu yobiriwira ya patebulopo, pansi pa babu. Anawatembenuza uku ndi uku, monga ankachitira tsiku lililonse, kuti onse aone kuti mulibe kanthu.

Munalibedi kanthu. Koma palibe amene ankayang'ana zimenezo.